Mtedza wa a Gologolo M'tsala la Mayi Nkhanga

Padangokhala, ndipo amene muli nane muvomere kuti tili tonse, nyama za m'tchire zidali ndi mpingo wawo. Abusa adali a Khwangwala, poti iwo kolala yoyera adabadwa nayo, sipadafunike telala. Akulu a mpingo adalipo angapo, koma amene nthano ino yawagwira mchira ndi a Gologolo.

A Gologolo adali ndi mphatso ziwiri, kulima mtedza ndi kuyamika Mulungu. Pa kuyamikapo ndiye panalibe wofanana nawo. Akaimirira kuti athokoze chifukwa cha chakudya, ndiwo zinkazizira, ana n'kugona, a Kamba n'kupita kwawo kukatseka chitseko n'kubwerako pemphero lisadafike pa ameni. Adapekanso nyimbo imene mpingo wonse unkaikonda. Nyimboyo inkanena za dzanja limene Mulungu walidzaza, kuti lisafumbate. Wotsogolera ankatchula zimene walandira, ena onse n'kumavomera kuti dzanjalo litambasuke. A Gologolo ankaitsogolera atatsinzina, mchira uli m'mwamba. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo.

Tsono mpingowo udali ndi mwambo wake. Zokolola zikalowa m'nkhokwe, Abusa ankayenda khomo ndi khomo atatenga ndodo yawo, limodzi ndi a Nungu, mkulu wa mpingo wosakonda zolankhulalankhula. Pa nkhokwe iliyonse ankapemphera, kenaka n'kupisa ndodo m'kati. Ndodo ikatsakamira m'zokolola, mwini nkhokwe ankasenza dengu limodzi kupita nalo kutchalitchi Lamulungu la Masika. Ikagogoda pansi, mwini wakeyo ankabwera chimanjamanja n'kubwerera atasenza. Panalibe zofunsana mafunso, ndodo ndiyo inkalankhula.

Chaka china Mulungu adawadalitsa a Gologolo mopitirira muyeso. Mtedza udabereka mwakuti nkhokwe idayamba kupindika miyendo. Mwayi wake munda wawo udali kwaokha, palibe adaona. Adaima patsogolo pa nkhokweyo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo adayamika Mulungu monong'ona.

“Dengu limodzi,” adadzilankhulira. “Amatero poyamba. Akaona mmene yadzalira, Abusa adzati awiri. Chaka chamawa adzazolowera. Kodi Mulungu akadafuna kuti mtedzawu udyedwe ndi a Kamba, sakadaumeretsa kwa a Kamba? Iye sasochera khomo.”

Sabata imeneyo mpingo wonse udapita kutsidya ku msonkhano wa chitsitsimutso wa masiku atatu. A Gologolo adatsala, ati msana. Anzawo atangokhota, msana udapola, iwo n'kuyamba kusaka pobisa. Kuphanga kumagona a Nungu. M'mphako mumalowa aliyense wothawa mvula. Pomaliza adakumbukira munda wa Mayi Nkhanga.

Mayi Nkhanga adali wamasiye. Amuna awo adakodwa mumsampha zaka ziwiri zapitazo, kuwasiyira ana asanu ndi awiri ndi munda wopanda mbewu. Mundawo udangosanduka tsala.

“Ndani angakafune chuma m'munda wa mayi wamasiye?” adatero a Gologolo, akudziseka okha.

Sadakumbe dzenje limodzi ayi, zimenezo n'za opusa. Adakwirira mtedzawo umodziumodzi, wina apa, wina apo, tsala lonse, kuti wakuba akapeza umodzi apeze umodzi womwewo. Nzeru imeneyi idawakomera kwambiri, moti adatsala pang'ono kuyamika nayo Mulungu mokweza.

Tsiku la ndodo litafika, Abusa adapemphera, n'kupisa. Ndodo idagogoda pansi.

“Pepani, a Gologolo,” adatero Abusa. “Chaka chatha ndodoyi sinkalowa n'komwe. Chachitika n'chiyani?”

“Chiswe, Abusa. Koma ine sindidandaula. Ndiyamika ngakhale pa nkhokwe yopanda kanthu. Mpweya uli m'katimo ndi wa Iye yemwe.”

A Nungu adasuzumira m'nkhokwemo nthawi yaitali.

“Chiswe chake n'chaulemu,” adatero. “Chasesa ndi makoko omwe.”

Lamulungu la Masika a Gologolo adakhala kumbali ya olandira, nkhope ili ndwii ngati ya kumaliro. Adalandira dengu la chimanga, lichero la nzama, ndi kathumba ka mbewu ya mtedza kuti adzabzale. Atati anyamuke adangoona Mayi Nkhanga agwada patsogolo pawo, chikho chili m'manja. Iwonso ndodo idagogoda kwawo, monga chaka chilichonse.

“Ndi mapira amene ndakunkha m'minda ya eni,” adatero mayiwo. “Landirani, a Gologolo. Ife njala tidaizolowera, inu ndinu mlendo kumeneku.”

A Gologolo adalandira ndi manja awiri, manjawo osanjenjemera n'komwe. Kenaka adaimirira n'kutsogolera nyimbo yawo ija, ndipo tsiku limenelo adaiyimba bwino kuposa masiku onse.

Chilimwe chonse adadya za mpingo. Chimanga chitatha adadya nzama, nzama zitatha adakazinga mbewu ija, poti mbewu yeniyeni idali m'nthaka ikuwadikira. M'mawa uliwonse ankadutsa kutsala kuja kukalipatsa moni ndi maso. Nthawi zonse ankapeza Mayi Nkhanga ndi ana awo akupalasa m'mphepete, koma sadade nkhawa. Ankati adzafukula mvula ikayandikira.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chimenecho mvula idabwera mwezi wathunthu isadayembekezeke, ndipo sidali chizimalupsa chongowaza fumbi. Idagwa masiku atatu osakata.

Itangokata, a Gologolo adatenga khasu m'mamawa kuthamangira kutsala. Asadagwetse khasu kachitatu adamva mawu a Mayi Nkhanga kumbuyo.

“Mwadzuka bwanji, a Gologolo?”

“Ndadzuka, mayi, kaya inu.”

“Mwasochera kodi? Munda wanu uli uko.”

Koma lilime la a Gologolo silinkagona tulo.

“Sindinasochere ayi. Mapira anu aja akhala akundisowetsa mtendere. Ndati ndidzakusosereni tsalali.”

“Lonseli?”

“Apa ndi apo.”

“Koma mbewu ndilibe, a Gologolo.”

“Mulungu adzapereka, mayi,” adayankha, mano atalumana.

Mayi Nkhanga adatukula khosi n'kuyamba nyimbo ya dzanja ija, ana asanu ndi awiri akuvomera. Mawu a nkhanga mukuwadziwa, sakoma koma amafika patali. Posakhalitsa Abusa adatera pamtengo, a Nungu adatulukira, a Kamba nawonso adafika nyimbo ikubwerezedwa kachisanu.

“Akuti andisosera tsala,” adatero Mayi Nkhanga. “Lonse.”

“Taonani, abale,” adatero Abusa. “Mkulu amene nkhokwe yake ili pululu wasiya munda wake kudzalimira wamasiye. Ife a nkhokwe zodzaza tili kuti?”

A Gologolo adasosa. Khasu likatembenuza mtedza, wofufuma kale, kamuzu koyera katatuluka, ankaukwirira msanga ndi phazi kuti wina asauone. Adatero tsiku lonse ndi mawa lake, ndipo palibe mlimi adakwirirapo mbewu mosamala chotero. A Nungu adakhala pachulu masiku onse awiri, ati kuwalimbikitsa.

Patatha sabata, tsala lonse lidabiriwira. Nkhani idamveka mpaka kutsidya kuti munda umene sudabzalidwe wamera mtedza. Abusa adalalikira za munda umenewo Malamulungu atatu otsatizana, ndipo nthawi iliyonse ankawaimiritsa a Gologolo.

“Mkulu uyu adanena ndi pakamwa pake kuti Mulungu adzapereka. Wapereka kapena sanapereke?”

“Wapereka,” mpingo unkavomera.

A Gologolo ankangomwetulira. Mawu ongofunika adali ochepa, akuti mtedzawo ndi wanga. Akadawanena, mwina akadaulandira. Koma pamodzi ndi mawuwo pakadapita mpando wakutsogolo, nyimbo ikadapita, ndipo chiswe chaulemu chija chikadawatsata mpaka kumanda. Adameza mawuwo, n'kuyamba kuganiza njira ina.

“Chomera chimasamuka,” adadziuza. “Ndikazula pang'onopang'ono n'kukawokera m'munda mwanga, ndani angawerenge masamba?”

Adasankha masana a dzuwa loswa mtengo, nthawi imene nkhanga zimabisala pamthunzi. Adazula mbande zodzaza manja awiri. Potembenuka adangoti maso ndi maso ndi Mayi Nkhanga.

“Mwaswera bwanji, a Gologolo?”

“Ndaswera, mayi.”

“Mwanyamula chiyani?”

“Izi? Mtedzawu wamera mothinana. Ndati ndipatulire, ndiwokere m'mipata muja. Mphatso ya Mulungu imafuna kusamala.”

“Inu ndiye mumaudziwa mtedza. Ngati kuti munaubzala ndinu.”

A Gologolo adatsokomola.

“Nanga udzuwu?” adafunsa mayiwo. “Ine ndikati ndipalire ndimapalasa ndi mbewu yomwe.”

“Udzu ndi nkhani ya tsiku lina.”

Koma khosi lidali litatukuka kale. Nyimbo ya dzanja idamveka, ana adavomera, Abusa adatera, a Nungu adakwera pachulu pawo.

“Akuti apatulira, apalira, ndiponso nthawi ikakwana adzabandira,” adatero Mayi Nkhanga.

Zobandirazo a Gologolo sadazinene, koma akadakanira pati? Mvula ikakuona litsiro sikata. Adapatulira, adapalira, adabandira. M'munda mwawo mudamera chisoso chokhachokha, ndipo m'miyezi ya njala chisoso chomwecho ndicho chidawasunga. Adaonda mpaka mchira unkaoneka ngati wobwereka. Mayi Nkhanga ankawabweretsera phala la gaga kumunda, ndipo pemphero lawo lodalitsa phalalo lidayamba kufupika, poti wanjala sachedwa kufika pa ameni.

Mtedza udakhwima. A Gologolo adazula phata limodzi mobisa n'kuona mmene wabalira, misozi n'kulengeza. Udali woposa wa chaka chatha.

“Ulendo uno sindigwidwa,” adatero. “Ndipita Lamulungu, mapemphero ali m'kati. Wamasiye sajomba kutchalitchi.”

Adatumiza uthenga kwa Abusa kuti msana uja wayambiranso. Belu litalira kachiwiri adatenga thumba lalikulu, kulowera kumapeto kwa munda, n'kuyamba kukumba ngati wamisala. Thumba litafika pakati adamva nyimbo. Adayesa kuti ikuchokera kutchalitchi. Koma nyimboyo inkayandikira, ndipo sidali ya nkhanga zokha. Ataweramuka adaona mpingo wonse ukubwera pamzere, Abusa patsogolo, Mayi Nkhanga pambali pawo.

“Tinamva za msana,” adatero Abusa, “ndiye mayiwa anati tisapemphere tokha, tidzakuoneni. Kunyumba sitinakupezeni. Mayiwa anati akudziwa kumene mungakhale.”

Onse adayang'ana thumba. A Gologolo nawonso adaliyang'ana, ngati kuti alionanso kumene. Mawu aja akuti mtedzawo ndi wanga adawabwereranso. Adatsegula pakamwa kuti awatulutse, zitha bwanji zithe. Koma adaona maso a mpingo wonse, ndipo lilime lidathamangira njira yake yakale.

“Ndinamva kuti anyani apangana zodzakumba mtedzawu lero, anthu ali kutchalitchi. Ndinati msana ndi msana, koma za wamasiye zisapite.”

“Mpaka kubweretsa thumba lanulanu,” adatero a Nungu.

“Mayiwa alibe thumba.”

“Zoona, ndilibe,” adatero Mayi Nkhanga. “Ndi nkhokwe yomwe idagwa.”

Abusa adapukuta misozi ndi phiko. Adalamula kuti poti ndi Lamulungu ntchito iime, koma a Nungu agone pamundapo kulondera anyani mpaka a Gologolo adzamalize kukumba. A Gologolo adakumba sabata yathunthu. Adathothola, adayanika, adatuta ndi thumba lawo lomwe, adamanga ndi nkhokwe yomwe. Mtedza womaliza adauthira okha ndi manja awo, n'kufolera denga.

Tsiku la ndodo lidafikanso. Kwa Mayi Nkhanga ndodo sidalowe n'komwe. Kwa a Gologolo idagogoda pansi, ndipo ulendo uno kugogodako kudawalowa mpaka m'mafupa. Abusa adadikira mawu okoma ngati a chaka chatha. A Gologolo adangoti zyoli.

“Chiswe chija?” adafunsa a Nungu.

“Ayi,” adayankha a Gologolo. “Chaka chino mulibe basi.”

Lamulungu la Masika adakhalanso kumbali ya olandira. Nkhope ya kumaliro sidafunike kuipanga, idabwera yokha. Mayi Nkhanga adalowa atasenza dengu, ana awo ali pambuyo ndi malichero. Mwambo unkati dengu limodzi, koma iwo adatuta kanayi. Dengu lina adatula kwa a Kamba, lina kwa agogo a Mfuko amene maso adasiya kuona, lina pakati kuti Abusa agawe. Lomaliza, lodzaza mpaka kusefukira, adalitula pamapazi pa a Gologolo, n'kugwada monga adagwadira chaka chatha.

Mpingo unkaimba, choncho zimene adalankhulana awiriwa palibe wina adazimva.

“Landirani, a Gologolo. Ndi wokoma. Mbewu yake inali yabwino.”

“Zikomo, mayi. Mulungu ndiye anapereka.”

“Anaperekadi. Anangotuma wina kudzakwirira, ife tili kuchitsitsimutso.”



“Nkhanga imapalasa, bambo,” adapitiriza mayiwo motsitsa mawu. “Tinabwerako Lolemba, Lachiwiri m'mawa ndinali nditaupeza. Mano anu anali pa makoko.”

“Nanga bwanji simunadye? Ana anu anali ndi njala.”

“Tikanadya, tikanakhuta mwezi umodzi. Ndinawauza anawo kuti azipalasa m'mphepete mokha, tidikire mvula. Kudikirako kunawawa, musaganize kuti kunali kosavuta.”

“Ndiye mapira aja munandipatsa mukudziwa?”

“Ndikudziwa. Ndimafuna ndione ngati dzanja lanu linjenjemere polandira.”

“Linanjenjemera?”

“Ayi.”

A Gologolo adayang'ana manja awo. Tsopano ndiye ankanjenjemera, moti adalephera kugwira dengu. Manyazi adawagwira, enieni, amene sadawamvepo chibadwire.

“Muwauza Abusa?”

“Ndiwauze chiyani? Kuti munabzala, munapalira, munakolola, ana amasiye n'kukhuta? Zimenezo akuzidziwa kale. Zinazo n'za inu ndi Mwini mvula.”

Nyimbo idatha. Abusa adakweza phiko.

“Tsopano mkulu wathu a Gologolo atitsogolere poyamika. Amayi, khalani bwino, mwendo ungachite dzanzi.”

Mpingo udakonzeka. A Kamba adayamba kale kuyang'ana kukhomo. A Gologolo adaimirira, natsinzina, natsegula pakamwa. Mawu onse okometsera aja, amene ankabwera okha ngati ngumbi, sadabwere ndi limodzi lomwe.

“Ambuye,” adatero potsiriza, “mwandipatsa chimene sindinayenere kulandira. Zikomo. Ameni.”

Adakhala pansi. Mpingo udadikira, kuyesa kuti akupuma kaye. Ataona kuti zathadi, ena adanong'onezana kuti njala yawafooketsa akuluwa. A Nungu okha ndiwo adavomera ameni mokweza, ndipo akuti chiyambire adali asadavomerepo pemphero la a Gologolo.

Potuluka, Mayi Nkhanga adawathandiza kusenza dengu. Atalikhazika bwino pamutu, adawanong'oneza.

“Chaka chino mukafuna pobisa, munda wa a Kamba nawonso ndi tsala.”

Ndiye mpaka lero gologolo amakwirira mtedza m'minda ya eni, umodzi apa, wina apo, n'kuchoka osabwerako. Anthu amati ndi woiwalaiwala. Saiwala ayi, amadziwa bwino pamene adaika. Ndipo mukamuona wakhala njo, manja awiri ali pakamwa, musafulumire kunena kuti akupemphera, musafulumirenso kunena kuti akudya. Iye mwini zimamusokoneza.

Nthano yanga ndaikumba yonse. Wotsalira m'nthaka ndi wa amene adzapalase.